Ndinagwira Hatchi, Chichewa N'kuthawa Mkamwa

Loweruka lapitali ndinali pa mpikisano wa tchesi muno m'Bindura, ndipo mpaka lero nkhope ikundiyabwa ndi manyazi.

Gemu yachiwiri anandipatsa mkulu wina wa imvi, amene kale ankagwira ntchito ku mgodi wa Madziwa. Ataona dzina langa papepala lolembapo masewero, nkhope yawo inawala.

"Banda? Kodi ndiwe wa kwathu, mwanawe? Makolo ako anachokera boma liti?"

Kumbuyo kwanga kunaima anzanga awiri a kuntchito, aja okonda kutiseka ife ana a obwera kuti "mabhurandaya". Ine, mwana wa munthu wa ku Dedza, ndinayankha m'Chishona: "Handinzwi, sekuru." Ati sindikumva!

Mkuluyo anangogwedeza mutu, n'kudina wotchi.

Ndinatsegula mwamatama. Poni wa patsogolo pa mfumu masitepe awiri, kenako kwini panja msangamsanga, kuti ndithane nawo tiyi asanazizire. Iwo ankangotulutsa tizidutswa tawo mwaulemu, kamodzikamodzi, mpaka kwini wanga anapezeka pakamwa pa bishopu wawo. M'malo momuthawitsa, dzanja langa linagwira hatchi.

Pa mpikisano lamulo silinyengerera: chimene wagwira ndicho usunthe. Kwini anapita basi.

"Mayo ine, ndafa!"

Mawuwo anatuluka okha, mokweza, m'Chichewa chenicheni cha amayi anga. Holo yonse inacheuka.

Ndinadikira kuti anditonze. Bwenzi zili bwino akanatero. Koma iwo anadya kwiniyo, n'kunong'ona m'Chishona: "Tambai henyu, mwanangu." Sewera, mwana wanga. Bodza langa analilemekeza ngati mlendo.

Tinene zoona, abale anga: ndi angati mwa ife amene Chichewa timachisiya pakhomo ngati nsapato za kumunda? Mu kombi, minibasi za kuno, timatsitsa mawu amayi akaimba foni. Ana athu amamva koma kuyankha sangathe, ife n'kumati vuto ndi sukulu. Sukulu yake iti? Anaonera ife.

Gemu itatha ndinawatsatira pakhomo.

"Agogo, pepani. Bambo anga anali a ku Dedza."

Anayankha, m'Chishonabe, kuti ndisadandaule, mawa ndidzasewera bwino. Anakwera njinga yawo n'kumapita.

Munthu uja anabwera kudzafuna wolankhula naye chinenero cha kwawo, ndipo anandipeza. Ine ndi amene ndinamubweza yekha.