Mzere Wosowa pa Chikopa cha Mayi Doreen

Ndikukumbukira tchuthi china ndili ndi zaka khumi, amayi atasowa wondisiyira. Ankasamalira gogo wina wachizungu m'tauni ya Oakville, kunja kuno, Mayi Doreen, munthu wosaseka wamba, ndipo kubwera ndi mwana kuntchito kunali koletsedwa. Komabe ananditenga, ndipo njira yonse kuchokera kwathu ku Etobicoke ankangondichenjeza kuti ndisakhudze kanthu komanso nditseke pakamwa, poti ntchito ikatha tizidya sinowo.

Koma ine ndi pakamwa panga! Pabalaza panali tsamba lalikulu la buku m'galasi, lofiirira ngati pankhope pa ng'oma. Gogoyo ataona ndikulisuzumira, ananena monyadira kuti ndi nyimbo ya m'tchalitchi yakalekale, yolembedwa pamanja pachikopa cha thole, ndipo anaigula modula. Ndinawerenga mizere yofiira imene inali patsambapo: inayi. Kusukulu tinkaphunzira kuti mizere ya nyimbo imakhala isanu. Manotsinso anali timabokosi takuda, osati ozungulira.

“Anakupusitsani,” ndinatero m'Chingerezi. “Mzere wina ukusowa.”

Amayi anaima pakhomo, mbale yamankhwala m'manja, ndipo ndinaona ntchito ikuwapulumuka. Anapepesa mogwada pang'ono, n'kunena kuti mwanayu sadziwa, nyimbo zamtunduwu zimalembedwa choncho, iwo anaziphunzira kwa sisiteri wina wokalamba kusukulu yamishoni ku Dedza.

Gogoyo anawayang'ana. “Ungaiimbe?”

Amayi anaika mbale pansi, n'kupukuta manja pa yunifomu. Anayamba motsitsa, chala chikutsata timabokosi tija kunja kwa galasi. Chilatini, m'kamwa mwa amayi anga! Tsambalo linathera pakati pa mawu, chifukwa amalonda ankadula mabuku otere n'kumagulitsa tsamba limodzilimodzi. Amayi sanaime. Anapitiriza pamtima mpaka pa Ameni.

Mayi Doreen anapukuta misozi. Anati akhala zaka zambiri akusakasaka tsamba lotsatira m'misika ya zinthu zakale, osalipeza, ndipo nyimboyo anali asanaimvepo. Ntchito sinathe. Lachisanu lililonse amayi ankawaimbira asanawamwetse mankhwala. Komabe khutu langa analipotokola bwinobwino m'sitima pobwerera.

Lero ndikaona chinthu chachilendo, ndimayamba ndafunsa ndisananene kuti n'cholakwika. Koma chimene chimandigwira mtima n'chakuti tsiku lija osadziwa tinalipo awiri. Gogoyo ndi ine tonse tinkawaona amayi ngati wochapa zofunda basi. Tsamba limene ankalifunafuna lija linkalowa m'nyumba mwawo m'mawa uliwonse, litavala yunifomu.