Makina Osokera Opita ku Mbeya

Boma litalola kuti anthu azitsegula makampani awoawo a ndege, ndinapeza ntchito pa kakampani kena ku bwalo la ndege la Dar es Salaam. Tinali ndi ndege imodzi yokha, ya mipando isanu ndi inayi, yopita ku Mbeya. Ine ndinkayeza pa sikelo katundu ndi anthu omwe, kuwonkhetsa kulemera kwake, kenako kusaina kuti ndege inyamuke.

Woyendetsa ndegeyo anali wa kwathu ku Malawi, mnzawo wa malemu bambo anga, ndipo ndinkawatchula kuti amalume. Ndege ankaidziwa, sindikana. Akakhala okha ankaitsitsa mpaka asodzi a m'ngalawa kuwerama. Zimenezo zinali zawo. Vuto linali loti munthu wa kwathu akawapatsa moni wa Chichewa, sankamukanira katundu. Amalonda ankadziwa zimenezi, ndipo sikelo yanga ankailambalala.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, ndinapeza mitolo itatu yokulungidwa m'zitenje kuseri kwa mpando womaliza. Nditayesa kunyamula umodzi, msana unalira. Anali makina osokera achitsulo a mayi wina wa kwathu wokhala ku Magomeni, dera lina la mumzindawo, amene tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi.

"Amalume, tapyola malire. Kutentha kumeneku ndege sikwera msanga."

"Iwe mwana, ndinayamba kuuluka usanamere mano. Ndinanyamulapo zoposa apa."

"Munali nokha."

"Nanga ine ndikufuna kufa? Saina, nthawi ikutha."

Mayi uja, amene anali ataima pambali pathu, analowerera. "Sikelo yako yomweyo yandinamizira lero kuti ndanenepa. Wayamba liti kuyankha akulu?"

Ndinakulira m'manja mwa agogo, ndipo kwathu mwana sankabwezera wamkulu mawu. Ndinaima, cholembera chili m'manja, ndikuyang'ana anthu asanu ndi atatu amene anali atamanga kale malamba. Mmodzi ankasenda lalanje. Palibe amene anawafunsa ngati akuvomera kuyeserako mwayi wa amalume.

Kukangana sindinkakutha. Ndinangosuzumira pakhomo pa ndegeyo n'kuuza okwerawo m'Chiswahili kuti ndege yalemera kupyola muyezo, ndipo ine sindisaina. Bambo wa lalanje uja anamasula lamba, n'kutsika. Ena awiri anamutsatira.

Amalume anatsitsa okha makinawo, akutukwana chapansipansi. Anthu anakweranso, ndinasaina, ndege inanyamuka. Makina aja anadzapita pa lole.

Madzulo nkhani inali itafika kale ku Magomeni, kumene ndinkakhala ndi agogo. Agogo sanafunse za kulemera kwa ndege. Anangoti ndachititsa manyazi munthu amene ananyamula nawo bokosi la maliro a bambo anga, ndiye ndipite ndikapepese. Ndinapitadi kunyumba kwa amalume ku Kimara Loweruka, ndinagwada, ndinapepesa. Amalume anandikhululukira mokweza kuti anansi amve. Lolemba ndinapeza matumba awiri a simenti kuseri kwa mpando womwewo, ndipo ndinayamba kuwakokera ku sikelo.