Mng'ono Wanga Tamuika Dipuloma Isanafike

Ndinayamba kudandaula Lolemba loyamba mvula itatha, chaka chimene mng'ono wanga Zakariya anamaliza maphunziro ku univesidade ya m'chigawo chathu chino. Ndadandaula chaka ndi chaka polembera univesidadeyo makalata ofunsa za dipuloma yake, ndipo makope onse ndinasunga. Zakariya wamwalira dipuloma yake isanabwere.

Tsiku loika maliro ndinadzuka kusanache. Oimba a kutchalitchi anali atasasa mawu, amayi akusonkhezera moto pansi pa miphika ya nyemba. Anthu anafika wapansi ndi panjinga, ena kuchokera ku Chipera, ena kutsidya kwa malire. Kumwamba kunali bii.

Wowerenga mbiri ya malemu ndinali ine. Mlamu wanga, mkazi wa malemu, anandiitanitsa m'siwa.

"Alamu, mukanene kuti Dotolo Zakariya. Kushikola ana onse ankamutchula choncho."

Kuno aliyense womaliza univesidade timamutcha dotolo. Koma ku Malowera kuno alipo ena amene akhala akunong'ona kuti Zakariya ankangopita kumzinda kukaona magetsi. Ndinawauza alamu kuti pamaso pa anthu otere sindinganene chinthu chopanda pepala.

"Inuyo tidzakufotserani ndi mapepala anuwo," anatero.

Dzuwa litakwera panafika galimoto yoyera, matope mpaka m'mazenera. Munatsika bambo wovala suti ndi mnzake wonyamula kamera. Mumtima ndinati dipuloma yafika. Ayi ndithu. Za maliro sankazidziwa n'komwe. Bambo wa sutiyo anati univesidade ikukonza festa, phwando lalikulu lokumbukira kukhazikitsidwa kwake, ndiye akujambula amene anaphunzira kumeneko ndipo zikuwayendera. Anafunsa ngati Zakariya angatuluke pang'ono. Sabwira wathu, amene pamaliro amaloledwa kunena chilichonse, anayankha kuti atuluka posachedwa, koma atanyamulidwa.

Mlendoyo anachita manyazi, natsagana nafe kumanda. Abusa, pofuna kumulemekeza, anamupatsa mpata wopepesa. Anapepesadi, mawu ochepa. Kenaka pakamwa panakumbukira ntchito yake. Anatiuza za aphunzitsi awo otchuka, za nyumba yatsopano ya mabuku, ndi za kafukufuku wa mbewu zopirira chilala. Atafika pa chilala, mvula inayamba. Adzukulu analowa m'dzenje kukapa madzi ndi mbale, iye akulankhulabe. Pomaliza anakweza mawu nati Dotolo Zakariya ndi chipatso cha mtengo wawo.

Alamu anandiyang'ana. Ine ndinatulutsa pepala ndi kaneta yolembera m'thumba la jekete, ndi kumupempha mlendoyo kuti alembe mawu amenewo ndi kusaina. Anati iye ndi wa ofesi ya zithunzi, za madipuloma ndi khomo lina. Motero ndinawerenga zimene ndikanatha kuziikira umboni: "Zakariya, mphunzitsi, amene bambo awa akuti ndi dotolo." Onong'ona aja anatsokomola. Tinafotsera titanyowa tonse.

Madzulo ano nyumba ili zii. Miphika yavundikiridwa, anthu abalalika, ndipo alamu sanandilankhulenso. Pamtanda ndauza mmisiri kuti asiye mpata patsogolo pa dzina, ndipo utoto wotsala ausunge.

Choncho ndikupempha mwaulemu akuluakulu a univesidade kuti, asanayambe kuvina pa festa yawo, atumize dipuloma ya Zakariya, kapena afotokoze polemba chimene chaitsekereza. Yankho alembere ine, pakuti mwini wake wasamuka.