Bambo Anachira, Koma Amati Sindinapite Kukawaona

Chizindikiro choyamba chinaonekera m'tchalitchi. Bambo anga akhala akugwada pa Misa moyo wawo wonse, ndipo ngakhale mutu wawo utayamba kuiwala zinthu, maondo sanaiwale. Koma Lamulungu lina m'nyengo yozizira, titangomaliza kukolola nyemba, anthu onse atagwada iwo anangoimirira, dzanja lili m'thumba la buluku, nkhope atakwinya. Ndinkayesa ndi kuiwala komwe kuja. Ndinawakoka jekete kuti akhale pansi, ndipo pobwerera ndinawakalipira kuti akundichititsa manyazi. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero.

Ine ndine Sesiliya, ndimalima mbatata ndi nyemba kufupi ndi Mphunzi. Mayi anga, aNabanda, anamwalira zaka zinayi zapitazo, ndipo kuiwalaiwala kwa bambo kunakula kuyambira pamenepo. Bambo anabwera m'mudzi muno ngati mkamwini. Mwambo wa maliro utatha, abale awo a ku Lobi akanatha kudzawatenga, koma atamva kuti munthuyo wayamba kusochera m'munda mwake momwe, anati ana ake alipo. Ana akewo tilipo awiri, ine ndi achimwene anga a Dominiko amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Kunena zoona, ana akewo ndinali ine ndekha.

Ndinkawaphikira, kuwachapira, kuwafunafuna akasochera. Chimodzi chokha sindinkachita, ndicho kuwasambitsa. Kwathu kuno mwana wamkazi saona thupi la bambo ake. Ndinkangosiya madzi ofunda kubafa n'kuchokapo. Nditaona kuti ayamba kuyenda mokoka mwendo, ndinaimbira a Dominiko kangapo kuti abwere adzawaone ngati mwamuna mnzawo. Yankho linali limodzi: "Ndibwera mwezi ukatha. Ndi ukalamba umenewo, usavutike." Miyezi itatu inatha.

Lachiwiri lina m'mawa bambo anakana phala, kenaka anayamba kusanza. Lachitatu mimba inatupa n'kulimba ngati dzungu, ndipo sanapite kuchimbudzi. Ndikawafunsa pamene pakupweteka, ankandiuza za mbuzi zimene tinagulitsa kalekale. Lachinayi ndinawakweza pa njinga yamoto, ine kumbuyo nditawagwira, mpaka kuchipatala chaching'ono cha kwathu.

Adokotala atanena kuti bambo avule, ine ndinatuluka monga mwa chizolowezi. Posakhalitsa anesi anandiitananso. Pa tebulo panali lamba wa mphira wodula ku chubu cha njinga, uja timamangira katundu, ndi sokosi yopindapinda. Bambo ankadzimanga nazo m'chiuno pofuna kukanikiza chotupa chimene chinali m'munsi mwa mimba. "Mayi, mphira ameneyu wadya khungu, sanamange dzulo ayi," anatero anesiwo. "Amawasambitsa ndani agogowa?"

Adokotala anandifotokozera kuti ndi heniya: matumbo anatulukira pamalo ofooka a mnofu wa pamimba, ndipo tsopano apanikizika, sakubwereranso m'kati. Anati zikanaoneka msanga ikanakhala opaleshoni yaing'ono yochita kupangana tsiku. Analemba m'kabuku kakuchipatala, ndipo tinadikira ambulansi mpaka masana.

Kuchipatala chachikulu anawaika diripu, anatenga magazi, n'kundiuza kuti asadye kapena kumwa kanthu. Anandichenjezanso kuti pa msinkhu wawo mankhwala ogonetsa angathe kuwonjezera kusokonezeka kwa mutu. Panafunika wachibale wosaina pepala. Anandifunsa ngati palibe mwamuna woti akhale nawo, popeza iyo inali wodi ya abambo. Ndinaimbanso ku Lilongwe. "Saina iweyo, uli pafupi," anatero achimwene. Ndinasaina, ndipo ndinakhala pa benchi ya simenti kunja kwa fiyeta, chipinda cha opaleshoni, mpaka dzuwa linalowa, mphepo ikulowa m'mafupa. Atatuluka adokotala anati matumbo anatsala pang'ono kuwonongeka, koma sanadulepo. Anati kuchedwa kwa tsiku limodzi lokha kukanasintha nkhani yonse.

Ndinkaganiza kuti zovuta zathera pamenepo, osadziwa kuti zikungoyamba kumene. Bambo atatsitsimuka sankadziwa kumene ali. Anazula diripu kawiri. Ankamatula bandeji n'kumafuna kutsika pabedi kuti akamasule mbuzi. Anesi anali ochepa, odwala ambiri, ndipo kusambitsa wodwala ndi ntchito ya womudikirira. Anandiuza mosabisa kuti chilonda chikalowa litsiro tibwereranso kufiyeta, ndipo akapitiriza kumatula adzawamanga manja kubedi. Ndinatunga madzi m'beseni n'kuyandikira. Bambo anagwira bulangete ndi manja onse awiri n'kukuwa kuti, "Choka apa, mwana wopanda mwambo iwe!" Wodi yonse inacheuka. Munthu amene anaiwala dzina la mudzi wake anakumbukira chokhacho, chimene chinatsala pang'ono kumupha.

Tsiku lachitatu zovala zanga zinali zisanaume pa chingwe cha kumalo ogona odikirira odwala, ndiye ndinavala chitenje ndi duku za malemu mayi zimene ndinatengera kuzizira. Nditalowa m'wodi, bambo anandiyang'ana nthawi yaitali. "Nabanda, wabwera?" anafunsa ndi mawu ofewa amene ndinali ndisanawamve zaka zinayi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakonze. Kenaka ndinaona bandeji ija itanyowa m'mbali. "Ndabwera, aPhiri," ndinatero, monga mmene mayi ankawaitanira. Anasiya bulangete lija.

Ndinawasambitsa. Ndinagwira nyale ya foni pamene anesi ankatsuka chilonda, ndipo bambo anagona phee, dzanja lawo lili pa mkono wanga. Nditamaliza ndinakataya madzi kuseri kwa wodi, n'kulira kumeneko mpaka mutu unandipweteka. Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala mayi anga. Duku sindinkavula. Amayi ena kumalo ophikira ankanong'onezana ndikamadutsa, ndipo mmodzi anandifunsa ngati kwathu kulibe amuna. Ndinamuyankha kuti alipo, ali pafoni.

A Dominiko anabwera Lamulungu, atanyamula buledi ndi botolo la zakumwa zimene bambo sankaloledwa n'komwe. Bambo anawazindikira nthawi yomweyo, anawatchula dzina, anauza wodwala wa bedi loyandikana kuti uyu ndi mwana wanga wa kutawuni. Achimwene anakhala ola limodzi, anajambulitsa chithunzi, n'kunyamuka kuti akapeze minibasi ku Linthipe kusanade. Sindibisa, ndinawada tsiku limenelo, ndipo mtima wanga sunatsikebe.

Tinatuluka patatha masiku khumi. Ulusi anakachotsa kuchipatala cha kwathu. Anatiuza kuti asanyamule zolemera, asagwire khasu kwa miyezi ingapo, adye masamba ndi kumwa madzi ambiri kuti asadzimbidwe. Munthu woiwala sungamuuze kamodzi, ndiye khasu ndinakabisa m'nkhokwe ya anansi, ndipo bambo ankalifuna m'mawa uliwonse n'kumati akuba achuluka. Lero chilonda chinapola, kwangotsala chipsera. Akudya bwino, akuyenda osakoka mwendo, ndipo pa Misa akugwadanso. Mutu ndiye sunachire, adokotala anandiuziratu kuti umenewo suchira.

Inu amene mukusunga kholo loiwalaiwala, musadikire kuti likuuzeni pamene pakupweteka, chifukwa silingathe. Likasintha kayendedwe, likasiya chinthu chimene linkachita nthawi zonse, likamasanza kapena mimba ikatupa, pitani nalo kuchipatala tsiku lomwelo. Thupi lake wina aziliona. Ngati ndinu mwana wamkazi ndipo mwamuna wa m'banjamo akungolonjeza, pemphani bambo wina wa kumphakati, kapena kauzeni anesi kuti awavule awaone. Ine ndinasunga ulemu miyezi itatu, bambo anga akudzimanga ndi mphira kuseri kwa udzu wa bafa.

Ndimawasambitsabe, ndipo duku lija ndimavalabe. Sabata yatha tinali pakhonde ndikusankha nyemba, iwo akuothera dzuwa. Mwadzidzidzi anati, "Nabanda, iwe unandisamala kuchipatala kuja. Dominiko nayenso anabwera ndi buledi. Koma Sesiliya, mwana ameneyu tinamulakwira chiyani? Osabwera ngakhale tsiku limodzi."

Ndikanavula duku pomwepo, mawa lake sakanalola kuti ndiwakhudze. Ndinapitiriza kusankha nyemba. "Mukhululukireni, aPhiri," ndinatero.

Anapukusa mutu n'kunena kuti sangathe.