Phokoso ndalimva ndine, mukufunsiranji amuna anga?

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kugunda bambo wa njinga pamsewu wa ku Fonte Boa, ndipo mpaka lero mtima sunakhale pansi.

Mwina mufunsa kuti kuno ku Angonia, kozizira chonchi, makina oziziritsa m'galimoto ndi antchito yanji? Amene amayendetsa m'mamawa kuli nkhungu akudziwa. Mukakhala awiri kapena atatu mkati, mpweya wanu umachita chifunga pagalasi, ndipo chochotsa msanga chifungacho ndi makina omwewo.

Makina angawo anayamba kulira masabata atatu apitawo. Ndikangoyatsa, kunkamveka gwedegwede, ngati mwaika miyala m'chitini. Ndinamvetsera bwino, poti galimotoyo ndimayendetsa ndine tsiku lililonse popita kukaphunzitsa. Phokosolo linkachokera mkati, kutsogolo kwa mpando wa wokwera. Ndikakweza mphepo linkakula, ndikatsitsa linkachepa.

Ndinapita ku ofisina ina yokonzera magalimoto ku Ulongwe, amuna anga atandiperekeza. Iwotu sadziwa kuyendetsa, ngakhale pang'ono. Mekaniko anandidutsa ine amene ndinali ndi makiyi m'manja, n'kukaima pawindo lawo.

"Yatani galimotoyi, bambo?"

Amuna anga anati, "Akuti ikusokosera."

Ndinayamba kufotokoza kuti phokoso lili mkati, koma mekanikoyo anali atatsegula kale ku injini. Anati lamba watha, nasintha lamba. Pobwerera kunyumba, gwedegwede anali pomwepo.

Mekaniko wachiwiri anati gasi wachepa, nawonjezera gasi. Nditamuuza kuti phokoso lili mkati, anaseka. "Mayi, phokoso limayenda. Izi tisiyireni ife." Ndipo anandiuza kuti ulendo wina ndidzabwere ndi abambo kuti tidzakambe zosintha kompresori, amene amati ndiye mtima wa makinawo.

Ndinatopa, ndinangosiya kuwayatsa.

Ndiye Lachiwiri lija ndinanyamula amayi anga ondibala kupita nawo kuchipatala, miyendo yawo itatupa. Nkhungu inali yoti simungaone mbuzi pamphuno panu. Galasi linachita chifunga. Nditayatsa makina, analira kawiri n'kuima, mphepo osatulukanso. Ndinkapukuta ndi nsonga ya chitenje, dzanja limodzi lili pachiwongolero. Mwadzidzidzi, thumba la mbatata linaonekera pafupi penipeni, munthu akulikankha panjinga. Ndinaponda buleki, amayi n'kumenyetsa chipumi kutsogolo. Bamboyo anagwera m'ngalande pamodzi ndi katundu wake.

Sanavulale. Tinatola mbatata limodzi. Iye anangoti, "Amayi, ndili ndi ana anayi."

Masana ake mphunzitsi mnzanga anandilozera kwa a Zakariya ku Domwe, mekaniko wachikulire amene amagwirira ntchito pansi pa mtengo wa bulugama kuseri kwa msika. Ndinapita ndekha, ndewu ili kale pakamwa.

Sanatsegule kalikonse. Anakhala pampando wa wokwera n'kufunsa, "Anangozo, linkayamba nthawi yanji?"

Ndinawauza.

"Mukaponda mafuta linkakula?"

"Ayi. Pokhapokha ndikakweza mphepo."

"Linali lolira ngati mluzu, kapena logogoda?"

"Logogoda."

"Ndiye si lamba. Lamba amalira tswii, ndipo amalirira kunja. Gasi akamathawa amachita ngati njoka. Galimotoyi imagona pati?"

"Pafupi ndi nkhokwe."

Anagwedeza mutu. Anamasula kabokosi ka kutsogolo kwa mpandowo, napisa dzanja kuseri, natulutsa chopemerera mphepo, chozungulira ngati kalichero. Mkati mwake munali chimanga chodzaza manja awiri, nyemba, ndi tizidutswa ta saka. Khoswe anali atamangamo nkhokwe yakeyake. Anakutumula, nasintha kafiyuzi kamene kanapsa, nabwezera zonse m'malo. Mphepo inatuluka mwakachetechete ngati kale.

Mafunso anayi okha. Ndipo mayankho ake ndinkawanena kuyambira tsiku loyamba, popanda wondifunsa.

Musati ndikudana ndi amekaniko. Matenda amenewa ali paliponse. Mayi akupita ndi mwana kuchipatala, iye ndiye wakhala naye akutentha thupi masiku atatu, koma asanamalize kunena, pepala lamankhwala lalembedwa kale. Mlimi akuuza mlangizi kuti kumunsi kwa munda wake kumadikha madzi, mlangizi akumuwerengera za m'buku. Nanenso, ndivomere, mwana akabwera kudzadandaula m'kalasi nthawi zina ndimagamula asanatseke pakamwa.

Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife tinatembenuza: wamva m'mimba akhale chete, alankhule amene wavala ovololo, kapena amene ali ndi ndevu.

Amuna anga nditawaonetsa chimangacho anati, "Komatu unanena kuti lili mkati." Ndinanenadi. Iwonso analipo, ndipo sanandithandize kunena.

Amayi chipumi chikuphwa. Bambo wa njinga uja ndamuonanso dzulo akukankha thumba lina, ndipo tinakwezerana manja.

Inu amene anthu amabwera kwa inu ndi mavuto awo, kaya ndi ku ofisina, kuchipatala kapena kunyumba kwanu komwe: munthu womaliza kukudandaulirani, munamufunsa mafunso angati musanayambe kumasula zinthu?