Madzi a m'chigubu choyera

Amene anandilakwira ndi alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu. Anandipezera okha ntchito, anandiphunzitsa okha, ndipo zinthu zitasokonekera anauza abwana kuti vuto ndi manja anga.

Ntchitoyo inali mu kalabotale ka sikimu ya nzimbe cha kwa Katunga, komwe alimi ankabweretsa dothi la m'minda yawo kuti tione ngati lili ndi asidi wambiri. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 1. Chimene ndinkafuna n'chimodzi: ndisabwererenso kodula nzimbe, komwe umaweruka uli bii ngati chitsa chopserera.

Alamu anandionetsa pipeti, kagalasi kowonda ngati bango, kotungira madzi pang'ono. Umakoka madzi mpaka pamzere, diso lilingane ndi mzerewo, n'kuwatsitsira m'kabotolo ka dothi. Kadontho kotsalira kunsonga anati ndisamakauzire. Ndinafunsa chifukwa chake.

"Kanawerengedwa kale," anatero.

Anakawerenga ndani? Mpaka lero sindikudziwa.

Ukatakasa dothilo umaviikamo kandodo ka mita, mita n'kuonetsa nambala. Asidi akachuluka nambala imatsika pansi pa seveni. Chinthu chichuluke, nambala ichepe: apanso mutu unkandizungulira, koma ndinangoloweza. Lamulo lalikulu linali la madzi. A pamjigo ayi, poti kwathu kuno ndi amchere, amanamiza mita. Tinkagwiritsa ntchito a m'chigubu choyera, otchezedwa ngati kachasu, ochokera ku Blantyre.

Chilimwe chitafika pachimake manambala anapenga. Dothi lakuda la kudimba, eyiti. Lamchenga la kwa Chapananga, eyiti. Ndinatsuka kandodo, kubwereza, kutsukanso. Ndinaganiza kuti mwina thukuta langa likudontheramo, ndiye ndinamanga kansalu pamphumi. Tsiku lina kadontho koletsedwako ndinakauzira mobisa. Eyiti yemweyo.

Abwana atabwera kudzafunsa, alamu anandiloza ndi mlomo.

"Uyu ndi wa chikwanje, bwana. Galasi nkhabe, salitha."

Anaseka onse awiri. Abwana anati sabata ikatha ndibwerere kumunda. Nanenso ndinali nditayamba kuwakayikira manjawa.

Lachisanu masana ndinatuluka kukataya dothi loyezayeza. Pobwera ndinapeza alamu akutsanulira madzi a m'chigubu choyera mu ketulo yawo. Pambali panali ndowa ya madzi a pamjigo. Atadzaza ketulo anatenga ndowayo n'kuthira m'chigubu muja, mpaka pomwe madzi analekezera m'mawa. Sanadzidzimuke n'komwe atandiona.

"Alamu, amenewo si a mita?"

"Mita ilibe impso, mlamu. Ine kuchipatala anandiletsa mchere."

"Nanga amene mwathiramowo?"

"Aa, madzi ndi madzi. Tseka chitseko, fumbi."

Ndinaima pakhomopo ngati mbuzi yosokera pamsika. Kodi lamulo lija linali loona, kapena ankangondiopseza poti sindinaphunzire? Kodi eyiti uja anachokera mu ndowa, kapena manja anganso analipo ndi mbali yawo? Sindikanalumbira chilichonse. Koma ndinaiwala kuti usipa umene ndimadya madzulo amagula ndi iwowo. Ndinalanda ketuloyo, madzi kukhavukira pa nsapato zawo.

"Alamu, munati a pamjigo amanamiza mita. Lero mukuti madzi ndi madzi. Sankhanipo chimodzi, mukachinene kwa abwana ine ndili pomwepo, ndi ketulo yomweyi. Ku nzimbe sindibwerera chifukwa cha tiyi wanu."