Mabota a agogo ndi amayi a Loweruka

Agogo anga aamuna, a Kachiza, ndikati ndiwakumbukire, nkhope imachedwa kubwera. Limayamba ndi fungo, fungo la chikopa cha mabota losakanikirana ndi fodya wa m'mphuno, ndi kafungo kena kapansipansi ngati ka mbatata yowola, kamene pa umwana ndinkayesa kuti ndi mmene amanunkhira anthu onse okalamba. Mabotawo anatumiza ndi bambo anga kuchokera ku migodi ya ku Joni, akuda, olemera, ndipo chaka chimenecho agogo atawavala sanawavulenso. Kudimba ndi mabota, kuothera dzuwa ndi mabota, ngakhale nyengo yotentha ija mvula isanagwe, fumbi lili kobo. Anyamata, poona mabota onga a asipayi, apolisi a Apwitikizi aja, ankawaseka amvekere, "Agogo, kodi mwalembedwa usipayi?" Iwo ankangoti, "Nsanje, adzukulu. Atate anu anakutumizirani chiyani?"

Tinkakhala kumtunda kwa Lifidzi. Amayi anga, a Sesiliya, anali mkulu wa kabungwe ka amayi a kumishoni. Dzina lake lenileni linali lachipwitikizi, ndinaliiwala, ine shikola sindinapite nayo patali. Anthu ankangoti amayi a Loweruka. Lamulungu mapemphero akatha ankakhala pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi n'kumafunsana kuti kwavuta kwa yani. Lachitatu ankatuta nkhuni ndi madzi kukasiya kwa nkhalamba ndi odwala. Loweruka ndiye linali tsiku lalikulu. Ankanyamuka m'mawa akuimba, matsache m'manja, akafika pakhomo pa munthu ena kusesa, ena kuzira, ena kuchapa ndi sabawu wopempha kwa asisitere, ndipo amayi anga ankakhala pamphasa ndi singano kuchotsa matekenya. Dzanja lawo linali lodziwika. Ankafukula khungu pang'onopang'ono, thekenya n'kutuluka lathunthu, loyera ngati kanjere ka mapira, osaphulika. Ine ndinkanyamula kagalafa, kabotolo ka petiroliyo, mafuta a nyale aja, kodonthezera pabala. Ndinkayenda monyada kumbuyo kwawo, ndisabise.

Tsono pali chinthu china chimene ana a masiku ano sachimvetsa. Amayi anali mtengwa pamudzi pa agogo, ndiye kuti agogo anali apongozi awo. Sankayang'anizana, sankakhala pamphasa imodzi. Akakumana panjira amayi ankapatukira m'udzu n'kugwada. Kulankhulana kunkadzera mwa ine, ngakhale onse ali pabwalo pomwepo akumvana bwinobwino.

"Rozina, uwauze amako kuti ndiwo za lero mchere zangouona patali."

"Uwauze agogo ako kuti mchere uli kukantina, ndipo kukantina sapereka ndi moni."

Ine ndinkangotembenuza mutu uku ndi uku, nthawi zina osanena n'komwe, iwo n'kupitiriza. Ankakondana anthu awiri aja, ndikaganiza lero. Koma pakati pawo panali bwalo lonse lathunthu.

Tsiku lina masana amayi anandituma kukapereka thobwa kwa agogo. Pakhonde panalibe munthu. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe atavula bota limodzi, akutokosa phazi ndi munga, nkhope ataiyandikiza chifukwa maso anali atayamba kuchita chifunga. Mapazi a matekenya ndinali nditaona ambiri, koma lotere ayi. Zala zinali zitatupa n'kugundana, pansi pa zikhadabo pali bii, kuchidendene kukutuluka madzi. Fungo lija ndinalizindikira pomwepo.

"Sunaone kanthu," anatero.

"Agogo, amayi amadziwa kuchotsa."

"Amako ndi ndani kwa ine?"

"Apongozi anu."

"Ndiye agwire phazi langa? Unazionapo kuti? Ndipo anzawo aja akamva kuti kwa mkulu wawo ndiko kuli khola la matekenya, amako adzayenda bwanji pakati pawo? Tseka pakamwa, mdzukulu wanga. Mvula ikagwa zitha zokha."

Agogo aakazi anali atamwalira kale. Amuna a pamudzi, ena anali ku Joni, ena atatengedwa chibalo. Panalibedi wowagwira. Ndinawaona akulikankhira phazi lija m'bota, mano atakukuta, thukuta lili kamukamu pamphumi.

Ndinasunga mawuwo mpaka Loweruka. Tsikulo gulu linapita kwa Agineti, mtsikana wongokwatiwa kumene, amene ankasunga amake okalamba. Amayi anaika phazi la nkhalambayo pamwendo pawo, singano ikugwira ntchito, pakamwa napo posapuma.

"Agineti, munthu wamkulu ali pakhomo pako, ukumupatsa chakudya tsiku ndi tsiku, mapazi ake osawaona? Maso ako amagwira ntchito yanji? Tikanapanda kubwera ife bwenzi zala izi zitagwa."

Agineti anangozolika, misozi ili mbwembwembwe. Amayi ena onse ankasesa akumvetsera. Kaya chinandigwira n'chiyani. Mwina ndinamva chisoni ndi Agineti, mwina mawu akuti zala zigwa ndiwo anandiopsa. Ndinangomva pakamwa panga patuluka mawu.

"Mayi, matekenya a agogo ndi aakulu kuposa awa."

Matsache anaima. A Malita, achiwiri kwa amayi pagulupo, amene pakamwa pawo mudzi wonse unkapaopa, anatsamira pamtengo wa tsache lawo.

"Tanenanso, Rozina. Enafe makutu anakalamba."

"Agogo. M'mabota muja."

Amayi sanandiyang'ane. Anamaliza phazi limene linali m'manja mwawo, anatambasula dzanja kuti ndiwapatse kagalafa, anadontheza, anapukuta singano pansalu yawo. Kenaka anaimirira n'kuyamba ulendo wa kunyumba. Sanaitane munthu, koma gulu lonse linawatsata. Njira imene tinkayenda tikuimba, tsiku limenelo kunkangomveka mapazi ndi mabeseni kugundana. Ine ndinali kumapeto, ndikulakalaka nthaka itang'ambika.

Agogo anali pakhonde. Ataona mzere wa amayi ukulowa pabwalo, anayang'ana ine.

"Rozina, wandigulitsa."

"Vulani, achimwene, tiuone usipayi wanuwo," anatero a Malita, akupinda kale nsalu.

"Inu ayi, a Malita. Mukaligwira phazi langa, mawa lifika ku Fonte Boa ine ndili pompano."

Ena anaseka, n'kudzigwira pakamwa msanga. Amayi anali atagwada kumphepete kwa bwalo, pamalo pawo pa masiku onse, nkhope atayang'anitsa kumbali.

"Rozina, uwauze agogo ako kuti ndikubwera pafupi."

"Uwauze amako kuti zimenezo sizichitika."

"Uwauze kuti ngati n'zoipa, zigwere ine."

Amayi anayamba kuyenda ndi maondo, bwalo lonse lija, m'fumbi, anthu akuona. Agogo anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, ngati akufuna pothawira, koma ndi mapazi ati? Amayi atatsala pang'ono kufika, agogo anavula chipewa chawo n'kudziphimba nacho kumaso.

"Rozina," mawu anachokera m'chipewamo, "uwauze amako kuti ine ndachoka, ndapita kudimba. Pakhonde pano patsala mapazi a munthu wapaulendo. Sindikumudziwa."

Bota lakumanja linavuka. Lakumanzere linakana, phazi linali litadzaza. Amayi anaitanitsa mpeni. Chikopa chitayamba kulira, agogo anabuula, osati chifukwa cha ululu.

"Mwana wanga anachita kulowa pansi pa dziko kuti agule zimenezi."

Fungo litatuluka amayi ena anabwerera m'mbuyo. A Malita, amene ndinkadikira kuti anenapo kanthu, anangoti "Mayo ine," basi. Amayi, a dzanja lotchuka lija, anayamba ntchito. Thekenya loyamba analiphulitsa, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Ndipo amene anasonkha moto, kutenthetsa madzi, kubwera kudzagwada pambali pawo atagwira beseni, anali Agineti. Amayi anadzandiuza nditakula kuti pa zonse za tsiku limenelo, beseni la Agineti ndilo linawawawa kwambiri.

Ntchito inatha dzuwa litapendeka. Ena anasesa m'kanyumba ka agogo, anawaza madzi, anazira, mphasa yakale anaitentha. Ndiye kuti zonse zimene tinkakachita kwa anthu ovutika, tsiku limenelo zinachitika kwathu. Agogo sanachotse chipewa mpaka munthu womaliza atatuluka pabwalo.

Kachala kakang'ono kakumanzere sikanapulumuke. Zina zonse zinapola. Nkhani nayo inayenda. Kuchitsime ena ankati a Sesiliya anatayirira apongozi awo mpaka kuwola, ena ankati a Sesiliya alibe mwambo, anagwira apongozi. Anthu omwewo ankanena zonse ziwiri. Pakhomo pathu panasanduka kwa Mabota, ndipo anzanga akafuna kundiliza ankangoloza mapazi anga. Lamulungu lotsatira amayi anauza anzawo pansi pa mtengo paja kuti asankhe mkulu wina. A Malita ndi amene anakana. Anati, "Mutisiyire singano ndani? Khalani pansi, apa palibe woyera." Amayi anapitiriza, koma sindinawamvenso akudzudzula mwini khomo. Ankangogwira ntchito chete, maso ali paphazi.

Ine sanandimenye, sanandiyamikenso. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti ndikanawauza tili awiri kumtondo, bwenzi zitatani? Mwina bwenzi atapeza njira yachinsinsi. Mwinanso bwenzi mwambo utawagwira miyendo, zala n'kugwa zonse. Sindidziwa. Chimene ndimamva ndikakumbukira ndi kutentha kwa nkhope kuja, tili pamzere, opanda nyimbo.

Ulemu wa pakati pa awiriwo sunathe ayi. Anapitiriza kulankhulana kudzera mwa ine mpaka agogo anamwalira. Chinasintha n'chimodzi. Loweruka lililonse m'mawa, gulu lisananyamuke, agogo ankatuluka pakhonde opanda nsapato, kukhala pansi, kutambasula miyendo, chipewa kumaso.

"Rozina, uwauze amako kuti wapaulendo uja wabweranso."

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndili kuno ku Dedza kumene nkhondo inatithamangitsira. Singano ya amayi inatsala kumudzi, kaya ili kuti. Koma munthu wachikulire akafika pakhomo panga atavala nsapato zotseka dzuwa likuswa mtengo, ndimathamangira madzi m'beseni, n'kunena kuti, "Vulani, agogo, mapazi apume." Iwo amati ndine mayi waulemu. Ine ndimakhala nditagwada, ndikuyang'ana pakati pa zala.